Ka Lunetta kanga ka ku Chibavi, mmene ntchito ikuyendera

Loweruka loyamba la Meyi

Kapaketi kafika lero. Msuweni wanga wa ku Joni anapatsira munthu wobwera pa basi, nde ndakatenga ku depoti mmawa kuli kamvula kowaza kaja ka kuno ku Mzuzu kosaoneka poyambira ndi posiyira. Ndi ka envelopu kakang'ono zedi koma ndakadikira miyezi iwiri. Mkatimo muli ma IC, timatchipi takuda ta miyendo tija timaona mmabolodi a mawailesi, a 40106 anayi, 4093 awiri, 4040 awiri, 4017 atatu, 4069 imodzi, 4070 imodzi, 4046 imodzi ndi breadboard, kabolodi ka timabowo kobayapo zinthu poyesera popanda kuwotcherera. Zina zonse, ma rezista, ma kapasita, ma dayodi, ma volyumu, sipika, ndakhala ndikutola kwa madala ena okonza mawailesi kumsika, iwowo amandisungira mabolodi a mawailesi ndi ma DVD akufa ine nkumakazula kunyumba madzulo ndikaweruka.

Chimene ndikufuna kupanga ndi makina oyimba, synthesizer, koma osati ya mu foni kapena ya pa kompyuta ayi, yogwirika ndi manja, yoti waya uliwonse ndikuudziwa komwe wachokera ndi komwe ukupita. Ma IC amenewa sanawapangire nyimbo. Ndi a banja la 4000 lija kampani ya RCA ya ku America inatulutsa mu 1968, ntchito yake kuwerenga ndi kuyatsa nkuzimitsa, amadziwa zinthu ziwiri basi, moto ulipo kapena palibe, 1 kapena 0. Koma ukayatsa nkuzimitsa ka 440 pa sekondi imodzi nkulowetsa mu sipika, khutu limamva A yemwe uja amachunira gitala. Nkhani yonse yagona pamenepo. Makina otere anthu amawatcha Lunetta, dzina la Stanley Lunetta, mkulu woyimba ng'oma wa ku Sacramento ku California amene ankapanga zimenezi zaka za m'ma 1970, anamwalira mu 2016. Tsiku lomwe ndinamva kuti kwawo kunali ku Sacramento ndinakondwa ndekha, poti kuno sacramento ndi njinga ya kabaza, ndipo ndi yomwe ndakwera lero kuchokera ku depoti paketi ili mthumba la jekete. Koma chinandikoka zenizeni nchoti munthuyo anali wa ng'oma.

Sindinadikire. Ndabaya 40106 pa breadboard, ili ndi miyendo 14, mwendo 14 ku pozitivi ya batire la 9V, mwendo 7 ku negativi. Mkati mwake muli ma geti 6, geti iliyonse ntchito yake kutembenuza, ukaipatsa 1 imatulutsa 0. Geti yoyamba polowera ndi mwendo 1 potulukira mwendo 2. Kapasita yolembedwa 104, ndiye 0.1uF imeneyo, kuchokera mwendo 1 kupita ku negativi, kenako volyumu ya 100k pakati pa mwendo 2 ndi mwendo 1, ndaonjezera ka rezista ka 1k kuti ndikapotokola mpaka kumapeto isafike pa ziro. Zinthu zitatu basi.

Ndipo yalira! Tiiii, ndikapotokola volyumu mawu nkumakula mpaka kufika ngati njuchi yaikulu, ndikabweza nkumachepa ngati udzudzu. Mwana wa achemwali amene timakhala naye, ali fomu 2, anathamanga kuchokera panja, amvekere ankolo mwakonza wailesi? Ndinamuuza kuti palibe siteshoni yomwe ikulankhula apa, mawuwa akubadwira pa tebulo pomwepa. Ndinamufotokozera ndi chidebe pa mjigo, kapasita ndi chidebe, rezista ndi kukula kwa mpopi, chidebe chikadzadza kufika pa mzere wa mmwamba geti imatembenuka nkuyamba kukhuthula, madzi akatsika kufika pa mzere wa mmunsi itembenukanso nkuyamba kuthira. Mizere iwiri imeneyo ndi yomwe amati Schmitt trigger, popanda iyo bwenzi madzi akungoima pakati osakwera osatsika. Chidebe chaching'ono chimadzadza msanga nde mawu ang'ono, chachikulu mawu aakulu. Wamva msanga mwanayu.

Lachitatu

Ndalumikiza ma geti onse 6, iliyonse kapasita yakeyake, atatu othamanga oti azilira, atatu ndawapatsa ma kapasita a 10uF kuti azingogunda pang'onopang'ono ngati mtima, ndaikapo ma LED kuti ndiziona.

Zinthu ziwiri zandivutitsa. Choyamba tsiku lija ndinasiya miyendo yolowera ya ma geti osagwira ntchito ili lende osalumikiza kulikonse, nde ndikangoyandikitsa dzanja mawu ankanjenjemera. Ma IC amenewa, omwe amati a CMOS, polowera pake pamamva chilichonse, ngakhale kamoto ka mthupi mwa munthu, mwendo wolowera womwe sukuugwiritsa ntchito umayenera kuumangirira ku negativi kapena ku pozitivi, osausiya ukuyendayenda. Chachiwiri ma osileta, ndiye ma geti omayatsa nkuzimitsa okha aja, ankakokana, ndikachuna imodzi inzake nayo nkusuntha. Mankhwala ake ndi kapasita ina ya 104 pakati pa mwendo 14 ndi mwendo 7, pafupi penipeni ndi IC, kuonjezera ya 100uF pomwe batire likulowera. Kukokanako kwachepa kwambiri ngakhale sikunatheretu, ndipo kotsalako ndikukukonda, kukuchititsa kuti zimveke ngati zamoyo.

Posakaniza mawu ndayesa njira ziwiri. Kudzera mma rezista a 100k iliyonse imamveka payokha mwaulemu, ngati kwaya. Kudzera mma dayodi a 1N4148 zimadyana, imodzi imadula inzake nkutuluka mawu okhakhala omwe palibe osileta yomwe ikuwayimba payokha. Ndasankha kukhala ndi zonse ziwiri. Ampu ndi LM386 yomwe madala anandipatsa, koma mawu ochokera mu 40106 ndi amphamvu, amadumpha kuchoka pa ziro kufika pa 9V yonse, nde pamafunika volyumu patsogolo pake apo ayi sipika imangong'ambika.

Ndapsetsa 40106 imodzi, ndinatembenuza batire mumdima magetsi atazima. Inatentha mpaka kununkha. Zandiwawa chifukwa kuno sungangodzuka nkukagula ina. Pano ndaika dayodi ya 1N4007 pa waya wa pozitivi, batire likatembenuka moto sudutsa.

Za moto zomwezo, batire la 9V silichedwa kutha ukamayendetsa sipika, ndipo likamafooka mawu onse amasuntha, zomwe unachuna dzulo lero sizomwezo. Chaja ya foni ndayesa, ikubweretsa kaphokoso ka tsiii kosatha. Nde ndatenga batire la sola la 12V lomwe timaunikira mnyumba, ndadutsitsa mu 7809 kuti izitulutsa 9V yokhazikika. Apa nde zakhala bwino.

Kumapeto kwa Meyi

Sabata ino inali ya 4040. Imeneyi ili ndi miyendo 16, ntchito yake kugawa pakati. Ukaipatsa kugunda pa mwendo 10, mwendo 9 umatulutsa theka lake, mwendo 7 theka la thekalo, mwendo 6 chimodzimodzi, mpaka masitepe 12, lomaliza limagawa ndi 4096. Mwendo 11 ndi reset, wobwezera poyambira, ukhale ku negativi, ndinauiwala usiku woyamba ikungokhala duu. Ukaidyetsa osileta yothamanga umapeza noti yomweyo koma yotsika okitevi imodzi, ina yotsikanso, besi wake wonenepa bwino. Ukaidyetsa yochedwa umapeza biti. Nde ndatenga 4093, yomwe ili ngati 40106 koma geti iliyonse ili ndi polowera pawiri, mwendo umodzi umapanga osileta winawo uli ngati chitseko, ukalandira 1 imalira ukalandira 0 imakhala chete. Zitseko zinayi, chilichonse ku mwendo wake wa 4040. Zinayamba kuyimba zokha, pi po pi po, pipi popo, ine manja ali mthumba.

Loweruka ndinanyamula zonse mu katoni ya sopo kupita nazo kumsika kuti madala aone komwe zinthu zawo zikupita. Anasiya wailesi yomwe amakonza, anamvetsera nthawi yaitali osayankhula, anyamata a mabenchi oyandikana anaunjikana. Kenako amvekere, mwana wanga chikulira bwino ndithu, koma chikuguba. Ichi ncha pelete, munthu sangavine. Ndinati bwanji madala? Sanayankhe ndi pakamwa, anangoyamba kumenya benchi, dzanja lamanja katatu lamanzere kawiri mu nthawi imodzimodzi, ndipo pompo mnyamata wina wogulitsa ma chaja anayamba kugwedeza mapewa, chonsecho nthawi yonse yomwe makina anga amalira anangoima ngati mtengo.

Ndabwera kunyumba mawu amenewo akundizungulira mmutu. Akunena zoona. 4040 imadziwa 2, 4, 8, 16 basi, mulimonse mmene ungasinthire mawaya zonse zimakagwera pamodzi ngati nsapato za asilikali. Pomwe ng'oma zomwe ine ndakula ndikumva, ku zinkhoswe, kumaliro, ngakhale kuwomba mmanja kwa amayi ku tchalitchi, zambiri zimayenda ziwiri kulimbana ndi zitatu, wina akukoka uku wina uku nkumakumana pakapita kanthawi, ndipo thupi limavina pa kukokanako. Ndakhala ndikudandaula kalekale kuti nyimbo zathu zina timazifinya kuti zikwane mu biti ya pa kiyibodi mpaka zimatha mchere, nde ine ndemwe ndipangenso makina ofinya? Ayi. Kuyambira lero ntchito yasintha, cholinga sikungoti kalire, ndikufuna kaphunzire kuwerenga katatu.

Sabata yachiwiri ya Juni

4017 ndi yomwe yanditsegulira njira. Iyi simagawa pakati, imawerenga 0 mpaka 9, ili ndi miyendo 10 yotulukira ndipo moto umayenda mwendo umodzi umodzi ngati munthu akuwoloka mtsinje pa miyala. Kugunda kumalowa pa mwendo 14, mwendo 13 ku negativi, reset ndi mwendo 15. Chovuta miyendo yake siili mu ndondomeko, sitepe yoyamba ili pa mwendo 3, yachiwiri pa 2, yachitatu pa 4, yachinayi pa 7, kenako 10, 1, 5, 6, 9, 11, ndachita kulemba pa khoma ndi pensulo. Nzeru yake nayi, ukatenga mwendo wina wotulukira nkuubweza ku reset, ikangofika pamenepo imabwerera poyamba. Mwendo 7 ku mwendo 15, nde ikuwerenga 1, 2, 3, 1, 2, 3. Waya umodzi wokha.

Nde ndinati mtima umodzi, osileta yogunda pang'onopang'ono ija, udyetse onse awiri, 4040 izigawa ndi 2, 4017 izigawa ndi 3. Pa kugunda 6 kulikonse wina alira katatu wina kawiri, chimodzimodzi manja a madala. Nditayatsa zinatuluka koma zikutsimphina, sizimakumana pa 1, nthawi zonse wina amafika mnzake atadutsa kale pang'ono. Masiku awiri ndikusintha mawaya, kusintha ma IC, kuganiza kuti mwina ina ndi yakufa. Usiku wachiwiri ndinachedwetsa mtima mpaka kugunda kamodzi pa masekondi awiri nkumangoyang'ana ma LED, apo mpomwe ndinaona. 4017 imasuntha moto ukamakwera kuchoka pa 0 kupita pa 1, pomwe 4040 imasuntha moto ukamatsika. Wina amaponda LED ya mtima ikayaka, wina ikazima. Palibe yakufa, ndi chibadwa chawo basi.

Ndachotsa 4040 pamenepo nkuika 4017 yachiwiri, mwendo 4 ku reset kuti iziwerenga ziwiri. Ndaikanso batani loti ndikadina onse awiri ayambire pamodzi, pamenepa pafunika ma dayodi, imodzi yochokera ku batani ina yochokera ku mwendo wobwezera uja, ndi rezista ya 100k kuchoka pa 15 kupita ku negativi, kupanda apo batani limalimbana ndi IC. Itangoyamba mwana uja anali akutsuka mbale panja, ndinangomva supuni ikumenya poto mogwirizana ndi sipika. Sindinamuitane, ndinangomusiya.

Mawa lake ndinazindikira kuti 4017 imodzi yowerenga 6, mwendo 5 ku reset, ingathe kugwira ntchito yonseyi, sitepe 1, 3, 5 kudzera mma dayodi kupita kwa woyimba katatu, sitepe 1 ndi 4 kwa woyimba kawiri. Nde ndapulumutsa IC imodzi.

Kumapeto kwa Juni

Biti ilipo koma mawu ake anali akadali pi pi wa wotchi ya alamu. Ng'oma simalira choncho, imagunda nkumazilala. Apa nde 4069 yalowa. Nayonso ndi ma geti 6 otembenuza koma ilibe mizere iwiri ija, nde ukabweza zotuluka kupita polowera imakhazikika pakatikati nkusanduka ampu, IC ya 1 ndi 0 nkumagwira ntchito yomwe sanailembere. Si ine ndayamba, synthesizer ina ya ku England yotchedwa Wasp ya mu 1978 inagwiritsa 4069 yomweyi mu filter yake yosefera mawu. Pobwezerapo ndaika chomwe amati twin-T, ma rezista awiri ndi kapasita yopita ku negativi pakati pawo, pambali pake ma kapasita awiri ndi volyumu yopita ku negativi. Ukapotokola volyumuyo pali malo pomwe imayamba kulira yokha huuu osasiya, nde umabweza pang'ono pokha kuti ikhale chete koma ili tcheru. Ikatero ukangoikodola ndi kamoto kochokera ku 4017, kudzera mu kapasita yaing'ono ndi dayodi, imati dum nkuzilala yokha, ngati chikopa chenicheni.

Ma rezista a 100k ndi ma kapasita a 223 masamu ake amapereka kugwedezeka cha mma ka 72 pa sekondi, ng'oma yaikulu. Ndi ma 103 cha mma 159, yaing'ono. Ma kapasita ozula mmabolodi akale safanana ndendende nde ndimachuna ndi khutu. Ndinakhala pafupifupi maola awiri ndikungosuntha volyumu ija kamtunda kochepa ngati chikhadabo, poti pamenepo mpomwe pali kusiyana kwa ng'oma yowambidwa bwino pamoto ndi ng'oma yonyowa. Sipika ya wailesi yaing'ono singatulutse dum ameneyu, ndabwereka ya woofer yakufa kwa aneba, ndi yomwe yaonetsa kuti besi alipodi.

4069 ikamagwira ntchito chonchi imadya moto wambiri kuposa anzake ndipo imafunda, ndaiikira rezista pa mwendo 14 ndi kapasita yakeyake, zathandizanso kuti phokoso la ma osileta lisamalowe mu ng'oma.

Julayi, kukuzizira koopsa

Sabata ziwiri osalemba. Chifunga cha mmawa ndi chinyontho chalowa mu breadboard, timabowo tina tachita dzimbiri, lero zilira mawa zikana, ukagwedeza tebulo ng'oma nkusowa. Miyendo ya zinthu zozula mmabolodi imakhalanso yaifupi ndi yokhala ndi mtovu wakale nde sigwira bwino. Yafika nthawi yowotcherera.

Ndapeza veroboard iwiri, mabolodi a timabowo owotchererapo, ndi ma soketi a IC, sindikufuna kuwotcherera IC mwachindunji, ikapsa ndingozula nkubaya ina. Vuto ndi magetsi, nthawi yomwe ine ndili ndi mpata ndi yomwe iwo kulibe. Madala anandionetsa mmene ankachitira kale kumudzi asanabwere mtauni, chidutswa cha waya wonenepa wa kopa chosongola kunsonga, chogwirira cha mtengo, kuika pa mbaula. Chimagwira malo awiri kapena atatu nkuzizira, nde umakhala ndi ziwiri, china chili pamakala china mmanja. Pa ma soketi pothinana sindinayerekeze, ndimadikira ayironi ya magetsi, koma mawaya a ma volyumu ndi a sipika onse ndawotcherera chonchi, ndili pa mbaula yomweyo tikuwotha ndi mwana uja, iye akundigwirira tochi. Zala zikaumitsidwa ndi mphepo ya Julayi mbaula imathandiza kawiri.

Bokosi wandikhomera kalipentala wa pafupi ndi kwathu ndi zidutswa za paini wa ku Chikangawa zotsala pa mabedi. Ma jack obayamo mawaya ndi odula ndipo ndikanafuna oposa 30, nde ndagula mabawuti ang'onoang'ono ku hardware, bawuti iliyonse yatulukira pamwamba pa bokosi, mkati yalumikizidwa ku mwendo wake wa IC. Polumikiza ndimagwiritsa mawaya okhala ndi tizopanira ta mano ngati ng'ona. Bawuti iliyonse yolowera ndaipatsa rezista ya 100k yopita ku negativi kuti ikakhala yopanda waya isakhale lende, phunziro la mu Meyi lija. Ubwino wina wa mabawuti, ukagwira ziwiri ndi zala thupi lako limakhala rezista, mawu nkumasintha malinga ndi mmene wafinyira. Ndi 9V ya batire nde palibe choopsa, koma zimenezi osayesa pa chinthu cholumikizidwa ku magetsi a pakhoma.

Sabata yomaliza ya Julayi

Chisekese. Ng'oma ziwiri popanda kanthu kosekesa pamwamba zimamveka zamaliseche. Makina a ng'oma a Roland TR-808 a mu 1980, omwe besi wake ali mu nyimbo zambirimbiri zomwe timamva mma minibasi, mawu a zitsulo zake amachokera ku ma osileta 6 a mu IC imodzi ya mtundu womwewu wa Schmitt trigger, mbale wake wa 40106. Nditadziwa zimenezo ndinalimba mtima. Ndatenga 40106 yachiwiri, ma osileta anayi othamanga kwambiri osagwirizana manoti, ndawalowetsa awiriawiri mu 4070. Imeneyi ndi XOR, imatulutsa 1 pokhapokha zolowa ziwirizo zikasiyana, nde zotuluka zake ndi chiphokoso cha zitsulo ngati malata akukhulana. Kudutsitsa mu kapasita yaing'ono kuti besi atsale, kenako transista ya BC547 ngati chitseko chotseguka kanthawi kochepa. Tsi tsi tsi. Sichinafike pa chisekese chenicheni cha amayi a kuno, chija mawu ake ndi ofewa poti ndi njere mu timitengo, changachi chikadali chachitsulo, koma chikugwira malo ake.

4046 ndayesa kuti iziyimba manoti, sitepe iliyonse ya 4017 ndi volyumu yake kupita pa mwendo 9, poti mawu ake amasintha malinga ndi moto wolowa pamenepo. Ikulira koma ma volyumu akalewa akudumphadumpha, kuchuna manoti 6 kuti akhale pamalo ndi ntchito ya tsiku lonse. Ndaiika pambali kaye, mtima wanga uli ku ng'oma.

Loweruka, Ogasiti

Ndapitanso nako kumsika, ulendo uno mu bokosi lake, batire la sola mu chikwama. Madala anapukuta manja, anamvetsera, nkuyamba kugwedeza mutu. Amvekere eya, tsopano kayamba kulankhula. Anthu anadzadza mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anatula dengu. Koma madala sanathere pompo, anatenga botolo la Fanta lopanda kanthu ndi sikuludiraiva nkuyamba kumenya pamwamba pa biti yanga, ke ke ke, ke ke, ke ke ke, ke ke. Amvekere chikusowa ndi ichi, ng'oma zimatsamira apa. Ndinawapempha kuti abwereze pang'onopang'ono ine ndikuwerenga ndi ma LED. Kumenya kasanu, koma sikukwana mu 6, kukutenga maulendo awiri, kugunda 12. Pa 1, 3, 5, 8 ndi 10.

4017 imathera pa 10, nde njira yonse yobwerera ku Chibavi ndinkaganiza zoti ndiyitanitsenso katundu ku Joni, miyezi ina iwiri. Koma nditakhala pansi ndi pepala ndinaona kuti 8 ndi 10 ndi sitepe 2 ndi 4 za ulendo wachiwiri. Ndiye kuti ulendo woyamba botolo limenye pa 1, 3, 5, wachiwiri pa 2 ndi 4, chofunika ndi kanthu kokumbukira kuti tili ulendo uti. Ndipo kanthuko ndinali nako kale mu chitini, 4040 ija ndinaichotsa mu Juni. Sitepe 6 ya 4017 ili pa mwendo 1, imazima nthawi yeniyeni yomwe ulendo watsopano ukuyamba, ndipo 4040 imasuntha moto ukamatsika. Khalidwe lomwe lija linanditayitsa masiku awiri ndi lomwe likufunika apa. Mwendo 1 wa 4017 ku mwendo 10 wa 4040, nde mwendo 9 ukhala 0 ulendo woyamba, 1 ulendo wachiwiri, kumangosinthana choncho.

Kusankhako ndapanga ndi 4093 yachiwiri, ma geti onse anayi. Imodzi ikutembenuza chikumbutso chija, ina ikulola gulu la 1, 3, 5 kudutsa chikumbutso chikakhala 0, ina ikulola gulu la 2 ndi 4 chikakhala 1, yomaliza ikuphatikiza ziwirizo. Magulu awiriwo ndi ma dayodi asanu ndi ma rezista awiri a 100k. Mawu a botolo ndi twin-T yachitatu pa 4069 yomwe ija, ma kapasita a 102 kuti ilire mmwamba.

Lamulungu usiku

Zatheka. Ndamaliza cha mma 10 koloko, pa breadboard kaye pambali pa bokosi, mwana uja akuwerenga mokweza mpaka 12 ine ndikuyang'ana LED. Ke ke ke, ke ke. Ndi ng'oma ziwiri zija pansi pake ndi chisekese, kwa nthawi yoyamba ndinasiya kuganiza za mawaya nkungomvera. Tinachepetsa volyumu chifukwa cha aneba koma sitinazimitse mpaka batire la sola linayamba kufooka nyali nkuchita mdima.

Lachiwiri

Ndinajambula pa foni nkukawamvetsa madala pa nkhomaliro. Anamvera kawiri. Akuti malo onse asanu ali bwino koma kachinayi kakufulumira, munthu womenya botolo amakachedwetsa pang'ono pokha, ngati akukoka mwendo, ndipo kukoma kuli pomwepo. Anandimenyera pa benchi kuti ndimve kusiyana, ndipo kulipodi, kochepa kwambiri koti sungakuwerenge ndi LED.

Kachinayi ndi sitepe 8, ndiye kuti mwendo 2 wa 4017 usanalowe mu dayodi yake. Pa 40106 yachiwiri pali ma geti awiri omwe akungokhala. Ndikadutsitsa sitepe imeneyo mu volyumu ya 100k ndi kapasita ya 474 yopita ku negativi, chidebe chija chitenga kanthawi kuti chidzadze, geti yoyamba itembenuka mochedwa, yachiwiri ibweza kuti ikhalenso 1. Kuchedwa kwake kuyambira pa ziro mpaka cha mma 30 kapena 40 pa magawo 1000 a sekondi, volyumu ndi yomwe izilamula. 474 ndaipeza kale pa bolodi la TV yakale, ndiwotcherera mawa magetsi akakhalapo. Volyumu imeneyi ndiiboolera malo akeake kutsogolo kwa bokosi, ndipo sindiichuna ine, Loweruka ndipita nako kumsika akapotokole okha madala mpaka pomwe khutu lawo livomere, ine ndidzangoika chizindikiro ndi pensulo pa thabwa.